Kodi "boma" ndi chidule cha Chingerezi? Nkhani ya mawu amene timawapotoza

Nabanda:
Moni nonse. Ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa mtendere kuyambira Lachitatu. Ndinapatsa ana anga a Fomu 2 ntchito yoti afufuze chiyambi cha mawu asanu amene timayankhula tsiku ndi tsiku. Oposa theka analemba kuti mawu oti boma ndi chidule cha British Overseas Military Administration. Nditafunsa kumene anazitenga, ena anati pa WhatsApp, ena anati kwa amalume awo. Mawuwatu ndi a Chiswahili, ndipo amatanthauza linga, mpanda wa mitengo wotchinjiriza anthu kapena ziweto. Atsamunda ankamanga maofesi awo m'kati mwa mipanda yotere, dzina la mpanda n'kusanduka dzina la olamulira. Koma nditafotokoza zimenezi nkhope za ana zinagwa ngati ndawalanda kanthu m'manja. Mmodzi anachita kunena kuti, "Madamu, koma zachidulezo n'zimene zikukoma." Ndiye ndikufunseni akuluakulu: kusewera ndi mawu ndi mwambo wathu, ndipo ine ndimakukonda. Nanga ndiwaphunzitse bwanji ana kuti asakusiye, koma asamakuyese mbiri?

Mbewe wa ku Kasungu:
Aphunzitsi, inenso ndakhala ndikukhulupirira zimenezo kwa zaka zambiri, mpaka ndinauzako ana anga. Madzulo ano ndikawauza kuti ndinalakwitsa. Zikomo potitsina khutu.

Agogo a Tadala:
Mayi Nabanda, anawo musawadzudzule kwambiri, ali ndi chifukwa chokhulupirira. M'chiyankhulo chathu muli mawu ambiri amene anachokeradi ku zidule. Wenela, pamene mukukwerera mabasi ku Blantyre paja, ndi WNLA, kampani imene inkalemba anthu opita ku migodi ya ku Joni. Theba ndi TEBA, bungwe limene linalowa m'malo mwa Wenela. Edzi ndi AIDS. Munthu amene akudziwa zitatuzi, ukamuuza kuti bomanso ndi chidule, alibe poyambira kukana.

Koma pali zinthu ziwiri zosiyana pano. China ndi kupotoza mawu mwadala, woyankhula ndi womvera onse akudziwa kuti akusewera. China ndi bodza lovala jekete ndi tayi, lobwera ngati phunziro. Choyambacho ndikupatseni chitsanzo cha malemu bambo anga. Titalandira ufulu mu 1964, panapita zaka mudzi wathu ulibe msewu, ulibe chipatala, madzi tikutunga pachitsime chomwechija. Tsiku lina akusoka mphasa pakhonde anati, "Ana inu musadandaule. Anautcha ufulu chifukwa ndi wa fulu, ukubwera ndithu koma ukuyenda ngati mwini wake." Tonse tinaseka, amayi mpaka anagwetsa chipande. Palibe amene anaganiza kuti mawu oti ufulu anachokeradi kwa fulu. Bambo ankadziwa bwino kuti gwero lake ndi mfulu, munthu amene si kapolo wa wina. Anangobwereka fuluyo kuti anene chimene pa nthawiyo sukanachinena poyera. Mpaka lero ndikamva mawu oti ufulu pa wailesi ndimaona manja a bambo ali ndi singano ya mphasa ija.

Chimwemwe Area 25:
Agogo, zimenezo sizinathe. Mu Novembala 2023, ndalama yathu itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndinali mu minibasi m'mawa wotsatira. Mayi wina akukangana ndi kondakitala za mtengo watsopano, kondakitala anangoti, "Mayi, kwacha kwada." Minibasi yonse inangoti zii, kenako anthu anaseka, koma kunali kuseka kowawa. Ndalama imene inabwera mu 1971 ndi dzina la m'bandakucha, yaing'ono yake n'kukhala tambala wolira kukamacha, lero tambalayo sagula ngakhale machesi. Akatswiri a zachuma anayankhula sabata yathunthu pa wailesi, kondakitala anamaliza ndi mawu awiri.

Nangozo:
Ndikuona ngati tikuyankhula ngati opotoza mawu ndi anthu osauka okha. Amphamvu nawo amapotoza, ndipo akapotoza iwo palibe amene amaseka.

Ine kwathu ndi ku Chiradzulu. Mawu oti thangata agogo anga aakazi sankafuna kuwamva m'nyumba mwawo. Ukanena kuti "ndikupita kukathangata anzanga kumunda" ankakuyang'ana kaye, kenako n'kuti, "Nena kuti ukukawathandiza." Ndili mwana ndinkangoyesa ukalamba. Nditakula ndi pamene anandikhazika pansi. Kuthangata poyamba kunali kwabwino: mnzako ali ndi munda waukulu, kapena akumanga nyumba, mumapita kukamuthandiza, mawa iyenso abwera kwanu. Azungu a m'maesiteti anatenga mawu omwewo n'kutchulira ntchito yokakamiza imene munthu ankagwira ngati lendi ya malo amene akukhalapo. Mwezi wa thangata unkatha kutalika monga mmene mwini esiteti wafunira, ndipo inkagwa nthawi ya dzinja, pamene munda wako ukufuna khasu. Agogo ankati amayi awo ankapalira thonje la mzungu udzu ukumeza chimanga chawo, kapitawo ali chilili kumbuyo. Ndiye tangoganizani, munthu akukupweteka koma dzina la chimene akukuchitacho ndi "chithandizo". Ukadandaula ukuoneka ngati wokana kuthandiza anzako.

Nkhanza za mtundu umenewu pa esiteti ya Bruce ku Magomero ndi zina mwa zimene zinautsa John Chilembwe ndi anthu ake mu Januwale 1915. Ndiye aphunzitsi, mukamaphunzitsa anawo, muwaonetsenso mbali iyi. Mawu amabedwa ngati mmene malo anabedwera.

Nabanda:
Achemwali Nangozo, mwandipatsa phunziro lathunthu la sabata ya mawa. Ndinali ndisanaganizepo zoyika thangata pamodzi ndi nkhani ya boma.

Agogo a Tadala:
Onjezanipo masiku a pasabata. Lolemba ndi tsiku lolemba anthu ntchito, Loweruka ndi tsiku loweruka. Pakati pake tinangowerenga, Lachiwiri, Lachitatu, mpaka Lachisanu, ngati munthu wowerenga masiku pa tikiti. Sabata yathu yonse ndi ya munthu waganyu. Msonkhonso chimodzimodzi: kusonkha n'kumene timachita pamaliro, aliyense kubweretsa kaufa kake ndi nkhuni mwa kufuna kwake. Msonkho wa nyumba wa atsamunda sunali wa kufuna kwa munthu.

Che Jafali:
Ndiyankhepo za nyanja, poti ndine wa ku Mangochi. Ndimamva achinyamata akunena kuti azungu anatitcha Nyasaland chifukwa anationa onyasa. Pocheza zimaseketsa, koma ndakumanapo ndi anthu amene amazinena mokwiya, akukhulupirira ndithu. Ayi abale. Nyasa m'Chiyao ndi nyanja basi. David Livingstone anafika pa nyanjayi mu 1859, anamva anthu akuti nyasa, iye n'kulemba ngati dzina. Choncho Lake Nyasa ndi "nyanja nyanja". Dzina loti Nyasaland linakhazikitsidwa mu 1907. Atsamunda anatilakwira zambiri zenizeni, palibe chifukwa chowapekera china chimene chikutukwanitsa mawu a chiyankhulo cha amayi anga.

Chimwemwe Area 25:
Che Jafali, pepani, ine ndi mmodzi mwa amene ankanena zimenezo. Sindinkadziwa kuti zikukhudza Chiyao.

Che Jafali:
Palibe mlandu mwana wanga. Ufuna ya azungu yoona, tenga ya Mandala. John Moir wa African Lakes Company ankavala magalasi a m'maso, anthu n'kumutcha Mandala. Dzinalo linamatirira kampani yonse, nyumba yawo ya 1882 ija, mpaka dera lina la mu Blantyre. Mzungu anabwera ndi dzina lake lalitali la kampani, makolo athu anayang'ana pankhope pake n'kumupatsa lawo, ndipo lawolo ndi limene latsala.

Mkulu wa Mpingo:
Ndawerenga zonse ndipo ndaphunzira. Koma ndili ndi nkhawa imene ndiyenera kuitula. Masiku ano pa Facebook achinyamata akutenga mavesi n'kumawapotoza, mayina a atumwi akuwasandutsa nthabwala, ngakhale mawu a pa Mgonero. Kwa ine pali malire. Kuseka ndalama kapena andale ndi nkhani ina, koma dzina la Mulungu si choseweretsa. Mwana akazolowera kuseka chopatulika, tsiku la mavuto adzagwira chiyani?

Phiri wa ku Dedza:
Abambo a mpingo, ndikulemekeza nkhawa yanu, ndipo za kunyoza Mulungu inenso sindigwirizana nazo. Koma kuseka zobwera ndi mishoni sikunayambe ndi Facebook. Za kudambwe sindiulula pano, ndingonena zimene aliyense amaona pabwalo. Pali chilombo chotchedwa Simoni, chofiira nkhope ngati mzungu amene wapsa ndi dzuwa. Pali Maliya. Mayina amenewa anachokera m'tchalitchi. Amishoni atafika anati gule ndi wa Satana, analetsa Akhristu kuyandikira, ana ankawakokera kusukulu kuti asapite kudambwe. Eni mudzi analibe nyuzipepala yoyankhira, analibe guwa. Anayankhira pabwalo, ng'oma zikulira. Ndipo anthu atayamba kuwanena kuti ndi akunja, ena anati chabwino, ifenso tili ndi mpingo wathu, mpingo wa Aroni. Mukudziwa bwino kuposa ine kuti Aroni ndi uja anaumbira anthu mwanawang'ombe wagolide Mose ali kuphiri. Anatenga nkhani ya m'Buku lanu lomwe n'kuivala.

Chimene chimandigwira mtima n'choti ku Mua, kumene ansembe a White Fathers anafika mu 1902 ndipo kunali kulimbana kwambiri ndi gule, n'komwenso lero kuli Kungoni, imene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, yosunga ndi kufotokoza za gule yemweyo. Mu 2005 UNESCO inazindikira Gule Wamkulu ngati chuma cha dziko lonse lapansi. Anthu amene ankasekana aja anafika pokhala pansi n'kumvana.

Mkulu wa Mpingo:
A Phiri, za mpingo wa Aroni ndinkazimva koma sindinkazilumikiza ndi Eksodo 32. Komabe mundimvetse: amene aja ankadziwa nkhani ya Aroni bwinobwino asanaipotoze. Ana a lerowa akupotoza vesi limene sanaliwerengepo.

Katekisiti:
Pamenepo ndikugwirizana nanu abambo. Koma tivomerezenso kuti ife a mpingo ndi amene tinayamba kubwereka. Kachisi kanali kanyumba kaudzu kamene makolo ankathirirako nsembe popempha mvula. Nsembe inali ufa ndi mowa wothira pansi pa mtengo. Mzimu unali wa agogo amene anatisiya. Chauta, Namalenga, Mphambe, mayina onsewa analipo mishoni isanabwere. Omasulira Buku Lopatulika, limene linatuluka lathunthu mu 1922, anatenga mawu ngati kachisi, nsembe ndi mzimu n'kuwapatsa ntchito yatsopano, kotero kuti lero mwana akamva kachisi amaganiza za Solomoni ndi Yerusalemu. Ine sindikuona cholakwika, chifukwa uthenga ukanalowa bwanji m'mitima popanda mawu a eni ake? Kungoti tikamadandaula kuti a gule anatenga Simoni wathu, tikumbukire kuti nafenso tinatenga kachisi wawo.

Nachisale:
Ndibwerere ku zimene ananena a Nangozo, za amphamvu. Kwathu kwa Achewa nkhoswe ndi mlongo wako kapena malume wako, amene amakuyimira banja likavuta, ndipo iwe ndi ana ako ndinu mbumba yake. Ndi mawu a m'nyumba, ofunda. Kamuzu anadzitcha Nkhoswe Nambala Wani, amayi onse a m'dziko muno n'kukhala mbumba yake. Taonani nzeru yake: ndani angatsutsane ndi nkhoswe yake pagulu? Mawu a pachibale anasanduka chingwe cha ndale.

Nthawi imeneyo kuyankhula kunali kosamala. Lamulo lounika mabuku, nyimbo ndi masewero linabwera mu 1968, ndipo munthu ankatha kumangidwa chifukwa cha mawu a pamowa. Ndiye tinabwerera ku luso la amayi athu la pamtondo, loyimba nyimbo yodandaula apongozi ali pomwepo koma osatchula dzina. Ndikukumbuka 1993, kalata ya maepiskopi ya pa 8 Malichi 1992 itatsegula kale pakamwa pa anthu. Pa riferendamu ya pa 14 Juni chizindikiro cha matipate chinali nyali, cha chipani chimodzi chinali tambala wakuda. Pamsika mayi wina amene ndinkagulako tomato anandifunsa akundipatsa chenji, osandiyang'ana n'komwe, "Kodi kwanu mafuta a nyali alipo?" Ndinati alipo. Anati, "Musaiwale kuyatsa Lolemba." Voti inali Lolemba. Ndinayenda mpaka kunyumba mtima ukugunda, tomato ali m'manja. Aliyense womva akanati tikukamba za palafini.

Mbewe wa ku Kasungu:
Ife a ku Kasungu nkhani ya Ngwazi timaimva mosiyana pang'ono, pali zambiri zimene timamuyamikira. Koma za nkhoswezo mwanena zoona mayi, ngakhale amayi anga amene ankamukonda ankati nkhoswe yeniyeni imadziwa dzina lako.

Namwino:
Ndakhala chete kuyambira m'mawa chifukwa nkhani iyi ikundifika penapake. Nonse mukukamba za mawu oseka amphamvu. Ine ndikambe za mawu oseka wodwala.

Edzi itafika tinaipatsa mayina ambiri. Kaliwondewonde. Magawagawa. Matenda a boma. Mayina onsewa ali ndi luso, sindikana, ndipo ena amati ankatithandiza kutchula chinthu chimene tinkachiopa. Koma ine ndinaona mbali ina. Mchimwene wanga wamkulu anayamba kudwala cha m'ma 2001. Anali munthu wa nthabwala, pamaliro adzukulu ankamufuna kuti awasangalatse pokumba. Atayamba kuonda, tsiku lina akudutsa pa grosale anamva anyamata, anzake omwe ankamwa nawo tiyi, wina akuti, "Kaliwondewonde wadutsa." Sananene mokuwa. Anabwera kunyumba, anakhala pa mpando wa ndalema kuseri kwa nyumba, ndipo kuchokera tsiku limenelo sanapitenso kumsika. Ndinamuchonderera kuti tipite akayezetse. Anandiyankha kuti, "Mlongo wanga, ndikapita kumeneko ndiye kuti dzina lija ndalivomera." Chifuwa chimene chinamutenga chinali chochizika. Anamwalira mu 2003. Chaka chotsatira, 2004, ma ARV anayamba kuperekedwa ulere m'zipatala za boma.

Sindikuti anyamata aja anamupha. Koma mawu aja anatseka chitseko chimene ine, mlongo wake, namwino, ndinalephera kutsegula. Mpaka lero kuntchito ndikamva wina akutchula odwala ndi mayina oseka, kaya ndi a khunyu, kaya ndi a misala, kaya ndi achialubino amene anthu amawatcha mayina aja mukuwadziwa, ndimamuyitanira pambali.

Nangozo:
Pepani kwambiri achemwali. Mzimu wa achimwene uuse mumtendere.

Phiri wa ku Dedza:
Pepani mayi. Ngakhale pabwalo, chilombo chimaseka mfumu yaumbombo, mkamwini waulesi, mlendo wodzikuza. Sindinaonepo chikuseka munthu amene ali pamphasa.

Chimwemwe Area 25:
Anamwino, mwandikhudza. Ife achinyamata timapanga mawu atsopano pafupifupi sabata iliyonse ndipo sitiima kuganiza kuti akugwera ndani. Koma ndipemphe akuluakulu kuti musatiletse zonse. Ambirife tilibe ntchito, mapepala a sukulu ali m'chikwama. Tikamati tikupita ku shopu yaikulu pamene tikupita pa kaunjika kukasankha malaya pamulu, kapena tikamati wapolisi wapempha ya fanta, ndi njira yathu yonenera kuti tikuona zimene zikuchitika. Tikasiya kuseka tidzayamba kulira, kapena kuchita zoipa kuposa pamenepo.

Mkulu wa Mpingo:
Mwana wanga, palibe amene akukuletsa kuseka. Koma ya fantayo ndiyimepo. Ukati ziphuphu, munthu amachita manyazi. Ukati ya fanta, kapena kangachepe, wopereka ndi wolandira onse amamwetulira, tchimo lachepa mpaka kukwana m'botolo. Nkhani ya Cashgate, ya kubedwa kwa ndalama za boma, itaphulika mu 2013 ndinamva anthu akuti "anadya nawo", ngati tikukamba za nsima ya paukwati, pamene zipatala zinalibe mankhwala. Ameneyo ndi thangata wina, kungoti uyu tikudzipangira tokha.

Che Jafali:
Apa abambo a mpingo mwalasa. Kumzikiti timanenanso zomwezo.

Nabanda:
Abale, ndinabwera ndi funso limodzi, ndikubwerera ndi dengu lodzaza. Ndaganiza zochita Lolemba. Ndiwagawira anawo mawu awa: boma, ufulu, thangata, nyasa, kachisi, nkhoswe, kaliwondewonde. Aliyense akafunse munthu wamkulu kwawo zinthu zitatu: mawuwa ankatanthauza chiyani poyamba, anawapotoza ndani, ndipo atapotozedwa anaseka ndani, analira ndani. Za chidule cha boma zija sindiwaletsa kuzinena, koma azinena ngati chilape, mnzawo ayankhe kuti nachize, onse akudziwa kuti ndi masewera. Anamwino, ngati mungalole, ndikufuna ndikawawerengere zimene mwalembazi osatchula kuti ndi ndani.

Namwino:
Kawerengeni aphunzitsi. Mukawauzenso kuti anali munthu wokonda kuseka.

Agogo a Tadala:
Mayi Nabanda, pa mndandanda wanuwo onjezanipo matchona. Ana a lero amalitchula moseka, kunena aliyense amene wakhalitsa kutauni osapita kumudzi. Kwa ife linali dzina la amuna amene anakwera ndege ya Wenela kapena kuyenda wapansi kupita ku Halale ndi ku Joni, osabweranso. Malume anga anapita ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Anatumiza kalata ziwiri ndi bulangete limodzi, kenako zii. Agogo anga ankakana kuti mwana wawo atchedwe mtchona, ankati wangochedwa. Bulangete lija analisunga m'sutikesi osalifunda mpaka tsiku limene tinawayika nalo m'manda.